MBIYA YA M'NTHAKA: MBIRI YA VINYO WOYERA WA M'MABANJA KU GEORGIA

Mau Oyamba

Tikamva za vinyo, maganizo athu amathamangira ku France, ku Italy kapena ku Cape, kumene vinyo amamsunga m'migolo yamatabwa ndi m'matanki achitsulo. Ndi oŵerengeka okha mwa ife amene angaganizeko za Georgia, dziko laling'ono limene lili pakati pa Nyanja Yakuda ndi mapiri a Caucasus, kumwera kwa Russia. Komabe kumeneko ndiko kudapezeka umboni wakale koposa wa vinyo wamphesa, ndipo kumeneko mabanja akumidzi akupangabe vinyo woyera m'mbiya zikuluzikulu zadothi zokwiriridwa m'nthaka, zimene eniake amazitchula kuti qvevri.

M'nkhani ino tikufuna kulondola mbiri ya kapangidwe kameneka, makamaka m'chigawo chakuvuma cha Kakheti, m'chigwa cha mtsinje wa Alazani, kumene kumalimidwa mphesa zambiri kupambana zigawo zina zonse. Funso lathu nlakuti: kodi luso limeneli lidapulumuka bwanji pa nkhondo, pa chipongwe cha anthu ophunzira, pa mliri wa tizilombo, ndiponso pa zaka 70 za boma limene lidalanda minda ya anthu? Yankho limene mbiri ikutipatsa nlakuti lusoli lidasungidwa pakhomo, m'manja mwa banja limene linkaona vinyo ngati udindo wake kwa alendo, kwa akufa ndi kwa Mulungu.

1. Ntchito ya m'marani

Tisanaloŵe m'mbiri, nkofunika kuti timvetse ntchito yeniyeniyo. Banja la ku Kakheti limakhala ndi kamunda ka mpesa ndi kanyumba kotchedwa marani. Munthu akaloŵa m'kanyumbamo saona mbiya ai, amangoona pakamwa pake pokha, pakuti thupi lonse lili m'nthaka. Mbiyayo njooneka ngati dzira losongoka kunsi. Zina zimaloŵa malita 50 okha, zina 1,000 kapena 2,000, ndipo zilipo zazikulu kuposa apo. Amisiri a ku Vardisubani m'Kakheti, ndi a ku Shrosha ndi Makatubani m'chigawo cha Imereti, amaziumba ndi manja monga m'mene amai a kuno kwathu amaumbira mbiya yamoŵa: amasanja mikombero ya dothi pang'onopang'ono, nadikira kuti wapansi ulimbe asanaikepo wina, mwakuti mbiya yaikulu imatenga miyezi ingapo. Kenaka amaiotcha m'ng'anjo kwa masiku angapo, ndipo ikadali yofunda amaipaka phula la njuchi m'kati kuti atseke tiziboo ta dothi. Kunja kwake ambiri amamatako njereza kuti ilimbe.

Kukolola mphesa, kumene amakutcha rtveli, kumachitika kumapeto kwa Sepitembala ndi mu Okutobala, ndipo abale okhala m'matauni amabwerera kumudzi kudzathandiza. Mphesa zoyera za ku Kakheti ndi Rkatsiteli, Mtsvane, Kisi ndi Khikhvi. Kale ankaziponda ndi mapazi m'chimtengo chogoba ngati bwato, chotchedwa satsnakheli, madzi ake nkumayenderera m'mbiya. Apa ndi pamene njira ya ku Kakheti imasiyana ndi ya ku France. Mfalansa wopanga vinyo woyera amalekanitsa madzi ndi makoko nthaŵi yomweyo. Koma wa ku Kakheti amaponya makoko, njere ndi timitengo ta matsango m'mbiya momwemo. Zotsalira zimenezi dzina lake ndi chacha, koma zikakhala m'mbiya amazitchanso deda, ndiye kuti mai, poti vinyo amakulira pa izo monga khanda pa bere.

Sathiramo chotupitsa chogula. Yisiti wachilengedwe, amene amakhala pa makoko ndi m'marani, ndiye amasandutsa shuga wa mphesa kukhala mphamvu yoledzeretsa. Kuŵiraku kumatenga masabata aŵiri kapena atatu, ndipo pa nthaŵiyi makoko amayandama pamwamba, tsono mwini mbiya amayenera kuŵamiza ndi mtengo kangapo pa tsiku kuti asaume ndi kusasitsa vinyo. Nthaka yozungulira mbiya imamwa kutentha kwa kuŵirako, ndipo pambuyo pake imasunga vinyo pa madigiri ngati 13 mpaka 15. Kuŵira konse kukatha amadzaza mbiya, naivundikira ndi mwala wophwathalala kapena thabwa, namata ndi dothi. M'miyezi yachisanu njere zimatsikira kunsi kosongoka kuja, makoko nkukhala pamwamba pa njere, vinyo nkudikha yekha osafuna kusefa. Amatsekula m'Malichi kapena mu Epulo, natungira vinyo m'mbiya ina yotsuka bwino. Zotsalira zija amazitcheza kukhala kachasu wao, amene dzina lake ndi chacha yemweyo.

Vinyo ameneyu timamutcha woyera potsata mtundu wa mphesa, koma amatuluka wofiirira ngati uchi, ndipo amagwira lilime ngati tiyi wamphamvu. Chogwira lilimecho ndi tanini wochokera m'makoko ndi m'njere, ndipo ndi yemweyo amene amateteza vinyo kuti asaonongeke msanga. Ku Imereti, kuzambwe kwa dzikoli, amaikamo gawo laling'ono chabe la makoko, popanda timitengo, motero vinyo wa mphesa zao za Tsolikouri, Tsitska ndi Krakhuna amakhala wopepukirako.

Ntchito yovuta koposa ndi yotsuka. Munthu amatsikira m'kati mwa mbiya pa makwerero, nakwecha ndi chokwechera cha makungwa opindapinda, natsuka ndi madzi a njereza kapena a phulusa, kubwerezabwereza mpaka madzi atuluke oyera. Mbiya yosatsuka bwino imaononga zokolola za chaka chathunthu.

2. Chiyambi chake ndi dzanja la Mpingo

Mu 2017 akatswiri a ku Georgia ndi a maiko ena, pamodzi ndi Patrick McGovern wa ku yunivesite ya Pennsylvania, adalengeza zimene adapeza m'mapale ofukulidwa pa Gadachrili Gora ndi Shulaveris Gora, makilomita ngati 50 kumwera kwa Tbilisi. M'mapalemo munali zizindikiro za asidi amene amapezeka wambiri m'mphesa. Mitsukoyo ndi ya zaka za pakati pa 6000 ndi 5800 Kristu asanabadwe, ndiye kuti njakale kuposa ya ku Hajji Firuz Tepe ku Iran, imene kale inkayesedwa yoyamba. Mitsuko imeneyi siinali qvevri monga tikuidziŵira lero, komabe ikutiwonetsa kuti ubale wa mphesa ndi dothi loumba m'dziko limeneli uli ndi zaka ngati 8,000.

Chikristu chidapeza vinyo atazika kale mizu, ndipo chidamlandira. M'zaka za m'ma 300 Nino woyera, mai wochokera ku Cappadocia, adatembenuza mfumu Mirian ya ku Mtskheta. Rufinus wa ku Aquileia adalemba za kutembenuka kumeneku m'mbiri yake ya Eklezia, ngakhale sadatchule dzina la maiyo. Mwambo wa ku Georgia umati Nino ankanyamula mtanda wa nthambi za mpesa zomangidwa ndi tsitsi lake. Mtandawo umasungidwa m'tchalitchi cha Sioni ku Tbilisi, ndipo manda a Nino ali ku Bodbe, m'Kakheti momwemo. Kuyambira apo mpesa udakhala chizindikiro cha mtundu ndi cha chikhulupiriro pamodzi, ndipo masamba ndi matsango ake adazokotedwa pa miyala ya matchalitchi ambiri.

Nyumba za amonke zinali ndi marani ao. Ku Alaverdi, kumene Joseph, mmodzi mwa Abambo 13 ochokera ku Syria, adakhazikitsa amonke m'zaka za m'ma 500, ndi kumene tchalitchi chachikulu chidamangidwa m'zaka za m'ma 1000, mbiya zakale zidakalipo m'nthaka. Ku Ikalto, kumene kunali sukulu yaikulu ya zaumulungu ndi filosofi m'zaka za m'ma 1100, mabwinja akuonetsabe moponderamo mphesa ndi mbiya zokwiriridwa pafupi ndi malo ophunzirira.

Koma chofunika koposa pa nkhani yathu ndi mwambo wa zedashe. Banja linkapatula mbiya imodzi, naithira madzi a mphesa abwino koposa, ndi kuipereka kwa woyera wosunga banjalo kapena ku tchalitchi. Vinyo wa m'mbiya imeneyi sankagulitsidwa kapena kumwedwa wamba. Ankamtsekula pa chikondwerero cha woyerayo ndi pa miyambo ikuluikulu ya banja. Motero marani adali malo aulemu, ndipo munthu wosiya kupanga vinyo ankakhala ngati wasiya chopereka cha makolo ake.

3. Nkhondo, chipongwe ndi mliri

Kakheti adaona masautso aakulu pakati pa 1614 ndi 1617, pamene Shah Abbas I wa ku Persia adaloŵa ndi ankhondo ake, napha anthu ochuluka, natenga ena zikwizikwi kupita nao ku Persia. Sukulu ya ku Ikalto idatenthedwa mu 1616, ndipo siidaukenso. Apa tiwone kusiyana kwa zinthu ziŵiri. Sukulu ikapsa ndipo aphunzitsi ake akabalalika, maphunziro amathera pomwepo. Mbiya yokwiriridwa siiopa moto, ndipo munthu wobwerera pa bwinja la makolo ake atha kuifukula pakamwa, kuitsuka, ndi kubzalanso mpesa. Luso limene lidali m'makomo zikwi zambiri silikadatha kuphedwa pamalo amodzi.

Mayeso achiŵiri adabwera mwaulemu, popanda lupanga. Russia italanda ufumu wa Kartli ndi Kakheti mu 1801, mabanja achifumu adayamba kutengera za ku Ulaya. Alexander Chavchavadze (1786–1846), mwini munda waukulu wa ku Tsinandali, adabweretsa kapangidwe kachizungu: kulekanitsa madzi ndi makoko, kusunga vinyo m'migolo, ndi kumthira m'mabotolo. Ntchito yake inali yabwino, ndipo vinyo woyera wa Tsinandali ngwotchuka mpaka lero. Choipa chinali chakuti anthu ophunzira ambiri adayamba kuona mbiya ngati chizindikiro cha umbuli ndi uve. Mlembi wotchuka Ilia Chavchavadze, wobadwira ku Kvareli m'Kakheti mu 1837, adaona kufunika kolemba nkhani zoteteza kapangidwe ka alimi m'zaka za m'ma 1880, ponena kuti vinyo wa m'mbiya ngwachilengedwe, wopanda zothirathira. Kufunika kwa chitetezo chotere kukutiwonetsa m'mene chipongwe chidakulira.

Mayeso achitatu adali phylloxera, kachilombo kochokera ku America kodya mizu ya mpesa. Kadaoneka ku France cha m'ma 1863, ndipo kadafika ku Georgia chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Njira yodalirika yothana nako inali kulumikiza mpesa wakwao pa tsinde la mpesa wa ku America, umene mizu yake imapirira. Kubzalanso minda kudafuna ndalama ndi zaka zodikira, choncho alimi adasankha mitundu yobereka kwambiri, ndipo mitundu ina yakale idayamba kusoŵa.

4. Zaka za Soviet Union

Mu Febuluwale 1921 ankhondo a Soviet Russia adaloŵa m'Tbilisi. Kuyambira cha m'ma 1929 minda ya anthu idalandidwa nkusanduka minda yagulu yotchedwa kolkhoz, ndipo bungwe la boma la Samtrest lidapatsidwa ulamuliro pa vinyo wogulitsa. Cholinga chinali kuchulukitsa malita kuti akwanire Soviet Union yonse. Dziko la Georgia lili ndi mitundu ya mpesa yoposa 500, koma mafakitale ankafuna yoŵerengeka yokha, makamaka Rkatsiteli pa vinyo woyera ndi Saperavi pa wofiira, poti mitunduyi imapirira chisanu ndipo imabereka mokhulupirika. Mafakitale ena adasungako mbiya, ndipo vinyo wa Tibaani ankapangidwa m'njira ya ku Kakheti, koma zimenezi zinali zochepa poyerekeza ndi vinyo wa m'matanki. Nyumba za amonke zidatsekedwa, marani ao nkusiyidwa.

Komabe lamulo lidasiya mpata umodzi. Banja la pa kolkhoz linkaloledwa kukhala ndi kamunda kakang'ono kapakhomo, ndi kupanga vinyo wakumwa lokha. Munthu yemweyo amene masana ankathyola mphesa za boma zoyeza pa sikelo, madzulo ankasamala mpesa wa agogo ake, ndipo mu Okutobala ankadzaza mbiya zake monga kale. Ana ankaphunzira poona ndi potumidwa: uyu kunyamula dengu, uyu kumiza makoko, uyu wochepa thupi kuloŵa m'mbiya kukakwecha. Mitundu ngati Kisi ndi Khikhvi, imene mafakitale sankailabadira, idapulumukira m'timinda timeneti ndi m'minda ya kafukufuku.

Mu Meyi 1985 Mikhail Gorbachev adayambitsa nkhondo yolimbana ndi uchidakwa, ndipo minda yambiri ya mpesa ya boma m'Soviet Union idazulidwa. Dziko la Georgia litalengeza ufulu wake pa 9 Epulo 1991, lidagwa m'nkhondo yapachiŵeniŵeni mpaka 1993. Mafakitale ambiri adaima, magetsi ankasoŵa, ndalama idatha mphamvu. Marani sankafuna magetsi, kapena mankhwala ogula kunja, kapena chilolezo cha nduna. Pamene nyumba yaikulu ya boma inkagwa, kanyumba ka kuseri kankagwirabe ntchito yake.

5. Mbiya ituluka poyera

Ufulu utabwera, makampani a vinyo ankadalira msika wa ku Russia, kumene vinyo wambiri wogulitsidwa m'dzina la Georgia adali wachinyengo. M'Malichi 2006 boma la Russia lidaletsa vinyo wa ku Georgia ponena kuti saali waukhondo, ngakhale ambiri adaona kuti chifukwa chenicheni chinali ndale. Alimi adasoŵa kogulitsa mphesa zao, ndipo ogulitsa vinyo adakakamizika kufuna misika ku Ulaya, ku America ndi ku Japan. Kumeneko vinyo wamba adalipo kale wokwanira. Chimene ogula ankafuna chinali chimene Georgia yekha anali nacho.

Njira inali itayamba kale kutseguka. Josko Gravner, mlimi wa mpesa wa ku Oslavia kumpoto chakuvuma kwa Italy, adakacheza ku Georgia mu 2000, ndipo kuyambira 2001 adayamba kuŵiritsa vinyo wake woyera m'mbiya zochokera kumeneko. Mu 2006 amonke a ku Alaverdi adakonzanso marani ao, ndipo mu 2011 pamalopo padachitika msonkhano woyamba wa maiko ambiri wokambirana za vinyo wa m'mbiya. Mabanja okhala ndi mahekitala aŵiri kapena atatu adayamba kuthira vinyo wao m'mabotolo ndi kulembapo dzina la banja ndi la mudzi. Mu Disembala 2013, pa msonkhano wa ku Baku, bungwe la UNESCO lidaika kapangidwe ka qvevri pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo chaka chomwecho Russia idachotsa chiletso chake. Mu 2020 bungwe la maiko onse loona za mpesa ndi vinyo, la OIV, lidavomereza vinyo woyera woŵiritsidwa pamodzi ndi makoko kuti ndi mtundu wapaokha. Zoonadi mau a akuluakulu akoma akagonera: chimene ophunzira a m'zaka za m'ma 1800 ankachiyesa umbuli, ndicho chidadziŵitsa dziko lao kunja.

6. Chimene mbiriyi ikutiphunzitsa

Kumayambiriro kwa buku lake la Metaphysics, Aristotle amasiyanitsa munthu wodziŵa chinthu chifukwa chochizoloŵera ndi munthu wodziŵa chifukwa chake chinthucho chimatero. Wachiŵiriyu amamuyesa wanzeru koposa, komabe amavomera kuti pa kuchita kwenikweni, wozoloŵera uja kaŵirikaŵiri amapambana wodziŵa mfundo zokha, pakuti ntchito iliyonse imagwera pa chinthu chimodzi chenicheni: mbiya iyi, mphesa za chaka chino. Mlimi wa ku Kakheti sankadziŵa za yisiti, pakuti ntchito ya tizilombo timeneti idafotokozedwa ndi Louis Pasteur m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860. Koma ankadziŵa ndi khutu pamene kuŵira kwatha, ndi mphuno pamene mbiya siinayere, ndi dzino pamene njere zakhwima. Sayansi idabwera pambuyo kudzapereka zifukwa za zimene manja ankachita kale.

Nzeru zotere sizisungika m'buku mokha. Zimafuna kuchitidwa chaka ndi chaka, ndipo mbadwo umodzi ukadumpha, chingwe chimaduka. Tsono tidzifunse: nchiyani chidakakamiza banja kuchita ntchito yolemetsayi chaka ndi chaka, pa zaka zonse zija zimene vinyo wake saankaloledwa pa msika? Phindu panalibe. Panali udindo. Ku Georgia phwando lotchedwa supra, lotsogozedwa ndi mkulu wotchedwa tamada, limachitika pa ubatizo, pa ukwati, pa maliro ndi pa tsiku la 40 munthu atamwalira, ndipo mwini nyumba amayembekezeka kuika vinyo wake pa tebulo. Kupatsa mlendo vinyo wa ku fakitale kunali kudzichotsa ulemu. Lusoli lidakhala ndi moyo chifukwa lidamangika ku zinthu zimene banja silikadatha kuzisiya popanda kudzikana lokha.

Pa chifukwa chimenechi tiyenera kunena kuti kutchuka kwa lero kuli ndi ngozi yake. Vinyo wa m'mbiya ndi gawo laling'ono chabe la vinyo amene Georgia amagulitsa kunja, koma kufunika kwa mbiya kwakula msanga kuposa chiŵerengero cha mabanja odziŵa kuumba. Mbiya youmba mofulumira ndi yosapsa bwino m'ng'anjo imadontha, ndipo siitsukika. Aliponso ena amene amagulitsa vinyo wosasa ndi wonunkha, nkumati ndiko kukoma kwa makolo, pamene makolowo vinyo wotere akadachita naye manyazi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2021 boma la Georgia lidateteza dzina la qvevri mwa lamulo, kuti lisaperekedwe kwa chiŵiya chilichonse chadothi. Lamuloli nlothandiza, koma lamulo limateteza dzina, pamene luso limatetezedwa ndi mwana amene wavomera kutsala kumudzi kuti aphunzire kwa bambo wake.

Mau Otsiriza

Taona kuti Shah Abbas adatentha sukulu, mabanja achifumu adatengera za ku Ulaya, phylloxera idadya mizu, ndipo boma la Soviet Union lidalanda minda ndi kutseka nyumba za amonke. Pa zonsezi chidatsala ndi kamunda kapakhomo ndi mbiya ya m'nthaka. Mayeso a mbadwo uno ngosiyana, pakuti tsopano mbiya ili ndi mtengo wake pa msika, ndipo zokonda za ogula a ku London ndi ku Tokyo zimasintha. Banja limene likupangira wogula wakunja yekha lidzaleka tsiku limene wogulayo adzatembenukire kwina. Wofuna kudziŵa tsogolo la vinyo ameneyu asaŵerenge mabotolo otumizidwa kunja okha. Apite kumudzi mu Okutobala, akaone ngati mbiya yopatulika ya zedashe ikudzazidwabe, ndiponso ngati alipo wachinyamata wotsikira m'mbiya ndi chokwechera m'manja.